Nthambi imene ndinachotsa panjira ya ku Mburuma

Lachiwiri lapitali ndinachotsa nthambi panjira. Inali nthambi chabe, ya mtsanya, masamba ake akali aawisi, itagona mopingasa pamphambano ina kuseri kwa Katondwe. Ndinatsika panjinga, n'kuigwira kutsinde, n'kuikokera kutchire. Nditatero ndinasasa m'manja monyadira, ngati ndagwira ntchito ya chitukuko.

Lero ndi Loweruka, koma ndikanyamula kapu ya tiyi dzanja likunjenjemerabe. Mkazi wanga akuti mwina ndi shuga, ndipite kukiliniki akandipime. Si shuga ayi. Ndi mantha, ndipo sindiwabisa.

Kuti mundimvetse, ndiyambe ndi mwana wanga wamkazi, Taonga. Ndi wachisamba wathu, amagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala ku Lusaka, ndipo chaka chathachi analowa gulu la anthu okwera njinga za m'mapiri. Mukuzidziwa njinga zake: matayala onenepa a manomano, magiya osawerengeka, zopanda kaliya, zopanda belu, wokwerayo atavala chisoti ngati akupita kumgodi. Ife kuno njinga timanyamulira makala, mbuzi ndi odwala. Iwo amaikwera kuti atope, n'kubwerera pomwe anachokera manja ali lende. Musandifunse ine, za ku Lusaka zimenezo.

Gululi limakonza ulendo waukulu kamodzi pachaka, kuzizira kukangotha, mitengo ya m'mapiri ikayamba kuphukira masamba ofiira, dzuwa la Okutobala lisanayambe kutiwotcha. Chaka chino anakangana za kopita. Ena ankafuna ku Siavonga, ena kumapiri a ku Chipata. Taonga ndiye anathetsa mkanganowo. Anawauza kuti, "Tiyeni ku Feira, pa Boma la Luangwa. Adadi akhalako zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndiponso amaphunzitsa jogalafe. Mapu ndiye chakudya chawo."

Ndipo anandiimbira foni. "Adadi, tili anthu khumi ndi atatu, tibwera kumapeto kwa mwezi wa mawa. Mutisankhire njira. Tikufuna kopanda mamotoka, kopanda anthu ambiri, njira yosalala yotsetsereka mtunda wautali, komanso kwa zii."

Kodi ndi bambo uti amene mwana wake atamukweza chonchi pamaso pa anzake angayankhe kuti, "Amama, ine kumapiriko sindinapondeko"?

Ine sindinatero. Ndinati, "Zimenezo musiye m'manja mwanga."

Zoona zake n'zakuti Feira wanga ndi wamng'ono. Amayambira kusukulu, n'kupita kumsika, kutchalitchi, kudoko kogula nsomba, n'kuthera pokwerera basi ya ku Lusaka. Mapiri aja ndimangowaona pawindo la basi, nthawi zambiri ndikuodzera. Koma ndinakhala pakhonde, n'kutsegula mapu a pafoni aja oonetsa dziko kuchokera kumwamba, ndipo ndinaona kamzere koyera kochoka kuseri kwa Katondwe, kokhotakhota bwino m'mapiri kulowera kumidzi ya ku Mburuma. Kanali kooneka bwino kuposa tinjira tonse ta kumeneko. Ndinakatsata ndi chala, n'kukajambula, n'kutumiza. Tiyi amene ndinali kumwa anali asanazizire n'komwe.

Mkazi wanga, amene anali kusankha nyemba pambali panga, anafunsa kuti, "Kumeneko munapitako liti, a Banda?"

Ndinamuyankha kuti munthu wodziwa mapu safunika kupitako. Anangoti "ohoo", n'kupitiriza nyemba zake.

Zonse zikanathera pomwepo, ndipo ine sindikanadziwa kanthu mpaka tsiku la ulendolo. Chinandipulumutsa ndi matama. Taonga anapempha zithunzi zoti akaonetse anzake, ndipo popeza anasiya njinga yake yakale ndi chisoti pano pa Pasaka, ndinaganiza zoti ndikadzijambule ndili pakati pa phiri, anyamata a ku Lusaka aone kuti mdalayu akali ndi mawondo. Masukulu ndi otseka, nthawi ndili nayo. Ndinakweza njinga pakanta, kalole kopita kubuliji ya Luangwa, n'kutsikira pa Katondwe dzuwa litakwera pang'ono. Ndinadutsa amayi ogulitsa masau, ndinadutsa abambo okonza njinga pansi pa mtengo, onsewo ndinangowakwezera dzanja. Ndifunsenji, mapu ali m'thumba?

Nditapalasa pafupifupi ola limodzi ndinafika pamphambano ija. Njira ya kumanzere inali yoipa, yopapatiza, ya miyala, minga mbali zonse, timakala togwa m'matumba tili mbwee. Ya kumanja inali yotakata, yosalala, yopondeka bwino, ndipo ndiyo inali pafoni yanga. Polowera pake panagona nthambi ija. Pamtengo wa pambali panapachikidwa wilo la njinga lopindika, lopanda tayala, ladzimbiri.

Ndinadziuza kuti nthambiyo yagwa ndi mphepo, ngakhale kuti kutsinde kwake kunali kodulidwa bwinobwino ndi chikwanje. Ndinaganizanso za Taonga akubwera ndi liwiro n'kukodwamo. Ndinaichotsa. Wilo lija ndinalijambula, ndipo nditafika pakachitunda pomwe netiweki inagwira, ndinamutumizira chithunzicho ndi mawu akuti, "Chizindikiro chanu ndi ichi. Mukaona wilo mumtengo, khotani kumanja."

Abale, njira ija ndi yokoma, bodza sindinganene. Siikwera phiri molunjika ngati njira za anthu ofulumira, imazungulira mwaulemu, osakutopetsa. Pokhota imakhota motakasuka. Ndinakhala pansi pa mlambe wina nthawi ndithu, ndikudya mabanzi, ndikudzijambula uku ndi uku, ndikudziyamikira kuti mwana wanga ali ndi bambo.

Tsopano ndikakumbuka, zonse zinali kundiuza. Panalibe phazi la munthu ngakhale limodzi. Panalibe ndowe za mbuzi, panalibe pepala la switi, panalibe kakala kogwa. Mitengo ya mtsanya inali yothyoka pamsinkhu umodzi, pamwamba pa mutu wanga. Ndowe zikuluzikulu zinali apa ndi apo, ndipo ndinkazizemba ndi handulo n'kumati n'zakale. Maso anga ankangoona zimene Taonga anapempha: kopanda mamotoka, kopanda anthu, kwa zii.

Kodi inu munayamba mwadzifunsapo chifukwa chimene malo ena amakhalira opanda anthu? Muno m'chigwa, momwe anthu amalima ngakhale pakachilumba ka mchenga, njira yabwino ingangokhala yokha popanda chifukwa?

Kuchoka pamlambe paja njira inayamba kutsika kupita kukamtsinje kouma. Njinga za ku Lusaka zili ndi khalidwe limodzi loopsa, sizilira. Ya kuno imadzilengeza yokha, tcheni chikukhwekhwereza, kaliya ikugogoda, munthu amakumva ukali kutsidya. Iyi imangoti see padothi. Ndinakhota pachulu china, ndipo patsogolo panga, mtunda woti mwala woponya ndi dzanja ukhoza kufika, panaima njovu.

Inali yaikazi, yopanda minyanga, ikukumba mchenga ndi phazi kufuna madzi. Kamwana kake kanali tsidya lina la njira, kakusewera ndi chitamba chake.

Ndinagwira mabuleki. Mpaka lero sindidziwa kuti ndinaima bwanji osagwa. Phazi limodzi pansi, lina papedulo, ndinauma pomwepo. Ndinafuna kupemphera, koma Atate Wathu anandithawa, ndinangotsala ndi mawu awiri oyambawo. Ndinafuna kubwerera, koma miyendo inakana kumva. Kuti ndinaima chonchija nthawi yaitali bwanji sindingakuuzeni. Chimene ndikukumbuka ndi phokoso la mchenga umene njovuyo inkaponya kumbali, ndi fungo lake, longa la khola la ng'ombe mvula itagwa.

Ndipo m'mutu mwanga simunali ine ayi. Ndinkaona Taonga. Iye sayenda monga ine, mdala wa mawondo olira. Amatsika phiri ataweramira pahandulo, ali patsogolo pa onse, chifukwa kuyambira ali mwana safuna kupitiriridwa. Pachulu chija iye sakanaima. Akanakalowa pakati pa mayi ndi mwana wake.

Kenaka dzanja linagwira chishalo kumbuyo kwanga.

Ndikanakuwa, koma dzanja lina linali kale pakamwa panga. Anali bambo wachikulire, wamfupi, malaya akuda ndi makala, wopanda nsapato, thukuta lili kamukamu. Dzina lawo ndinalidziwa pambuyo pake. Ndi a Zuze, a ku Mburuma, amene amatsitsa makala panjinga kukagulitsa ku Katondwe. Anatola dothi pang'ono n'kulisiya ligwe, ndipo fumbi linabwerera kwa ife. Anagwedeza mutu kusonyeza kuti mphepo ikali kumbali yathu. Kenaka analoza ndi mlomo kumanzere.

Miyala itatu imene ndinaiona m'tchiremo sinali miyala. Umodzi unagwedeza khutu. Unali pafupi nane kuposa njovu ya mumtsinje ija.

A Zuze anandikoka malaya kuti tibwerere chafutambuyo. Ine, pofuna kutembenuza njinga, pedulo inagunda mwala. Kaphokoso kochepa chabe, ngwe.

Mchenga unasiya kugwa. Mayi uja anatukula mutu, chitamba m'mwamba, makutu atatambasula. Analira kulira kumene sindinakumve ndi makutu okha, ndinakumva m'mimba. Ndipo anayamba kubwera.

"Musathamange," anatero a Zuze chapansipansi, atandifinya pamkono. "Mukathamanga mwafa. Imani."

Ndinaima, osati chifukwa cha kulimba mtima, koma chifukwa bamboyo ali ndi dzanja la munthu wonyamula matumba. Njovu inabwera masitepe angapo, fumbi lili kobo, n'kuima. Inapukusa mutu, inathyola kamtengo, inatiyang'ana. Kamwana kanalira kumbuyo. Inatembenuka n'kubwerera kwa mwanayo, ikutiyang'anabe cham'mbali.

Ndine mphunzitsi wa zaka makumi asanu ndi zinayi, wa m'komiti ya tchalitchi. Buluku langa linanyowa, ndipo silinali thukuta. Ndanena.

A Zuze ananyamula njinga paphewa, ndipo tinabwerera pang'onopang'ono, osalankhula, mpaka pamphambano. Pamenepo panali njinga yawo ataigoneka, ndi nsapato zawo za matayala. Kukaliya kunalendewera chitini chokhala ndi timiyala m'kati. Anakhala pansi, anapukuta kumaso, n'kundiyang'ana kuyambira kuchisoti cha Taonga mpaka kubuluku.

"Nthambi yanga munachotsa ndinu?"

Ndinavomera.

"Inakulakwirani chiyani?"

Ndinayamba kufotokoza za mapu, za ana a ku Lusaka, ndi kuti ndine mphunzitsi wa pa Boma. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, osandidula.

"Aphunzitsi," anatero, "njira yosalala chonchi, m'phiri muno, munaganiza kuti anakulambulirani ndani? A khansolo? Iyo ndi njira ya nzou, inu mumati njovu. Zimayendamo chaka ndi chaka, makolo azo anayendamo. Nthawi ya mvula zimakwera kumtunda, ndiye ife timadulira njira imeneyi chifukwa ndi yachidule. Kuzizira kukatha madzi amauma kumtundako, zimatsika tsiku ndi tsiku kukamwa. Mwezi umene mukunenawo ndiye zimadzaza."

Anandiuza kuti m'mawa uja, potsika ndi makala iwo ndi anzawo, anapeza mapazi atsopano akulowa njira ya kumanja, mapazi a ana ali pakati. Anadula nthambi n'kutseka. Ndiwo mwambo wake, woyamba kuona amatsekera obwera m'mbuyo. Nthambi ikakhala yaiwisi ndiye kuti ndi za lero, usalowe. Ikauma ndiye kuti nkhaniyo ndi yakale, ufunse kwa wokumana naye. Pobwerera anapeza nthambi ili kutchire, ndi chidindo cha tayala lachilendo cholowa koma chosatuluka. Anagoneka njinga, n'kuvula nsapato, n'kundithamangira. Munthu wosandidziwa, wa ana ake kunyumba.

Ndinafunsa za chitinicho.

"Ichi n'cholankhula nazo zikali kutali. Nzou ikakumva ukubwera imapatuka yokha, siifuna milandu. Imene imapha ndi yodzidzimuka. Njinga yanuyi ndi mfiti, imayenda osamveka."

Kenaka ndinaloza wilo lija mumtengo. A Zuze anayankha akumanga chingwe cha nsapato.

"La mlamu wanga. Zaka zitatu zapita. Anali kufulumira kukatenga mankhwala a mkazi wake ku Katondwe, ndiye anadulira momwemo. Anali atangothira oilo kutcheni m'mawa womwewo. Zimene tinapeza tinanyamulira m'chitenje. Wilo tinapachika kuti anthu aziona."

Ine wilo limenelo ndinali nditalitumiza kwa mwana wanga ngati chizindikiro cholowera.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Koma ameneyo anadya yekha, linakamuvuta m'mimba mwake momwe. Nanga ife amene sitifunsa, koma phulalo timadyetsa ena?

Tili ndi matenda ife anthu, makamaka ife amene tinapita kusukulu n'kutumizidwa kuno ndi kalata ya boma. Mawu akuti "sindidziwa" amatitsamwa. Mlendo akatifunsa njira timaloza ndi dzanja lonse, "Pitani chonchi, ndi pafupi apa." Tinapitako liti? Taimani pamsika wa pa Boma mufunse njira ya kumudzi uliwonse. Okulozerani adzachuluka, wina adzakujambulirani pansi ndi kamtengo, koma ambiri a iwo sanafikeko. Sikuti ndi oipa mtima. Akuopa kuoneka mbuli pamaso pa mlendo, monga mmene ine ndinaopera pamaso pa mwana wanga.

Timakhala zaka ndi zaka pamalo n'kumaganiza kuti zakazo ndi nzeru. Ine ndaphunzitsa ana ochokera m'midzi mitsinje ya maiko akutali, pomwe iwo m'mawa uliwonse amawerenga ndowe ndi chala cha kuphazi kuti adziwe ngati afike kusukulu amoyo. A Zuze anandionetsa kachitidwe kake: umaponda pakati, ikakhala yofunda, bwerera. Ana amenewo sindinawafunsepo ngakhale tsiku limodzi kuti panjira aona chiyani. Akachedwa ndinkawapatsa chibalo chosesa.

Ndipo munauonapo moni wa panjira za kumidzi? Anthu awiri a njinga akakumana amaima, phazi pansi, n'kuyamba: mwachokera kuti, kumeneko kwacha bwanji, mwaona chiyani pamtsinje. Ife a pa Boma timati n'kutaya nthawi, anthuwa alibe mawotchi. Koma ndimo mmene nkhani ya njira imayendera, ndipo imakhala ya ola lomwelo. Chithunzi cha kumwamba chija ine sindidziwa n'komwe kuti chinajambulidwa chaka chiti, mwezi uti.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuseka, makamaka obadwira muno. Mukuti mwana aliyense amadziwa nthambi yotseka njira. Sekani, ndayenera. Koma mutaseka mundiyankhe, ndani anandiuzapo? Zaka zonsezi ndakhala nanu pamaliro, pamaukwati, pamisonkhano ya makolo, ndipo ine sindinafunse, inunso munaganiza kuti aphunzitsi amadziwa zonse. Tinkapatsana ulemu chonchi, ulemuwo n'kutsala pang'ono kundipha.

Sindikuti ana athu asabwere. Abwere, dziko ndi lawo, aone mapiri, aone pomwe Luangwa amathira mu Zambezi, adye nsomba yootcha padoko. Koma posankha kopita, funso loyamba lisakhale lakuti kokongola ndi kuti. Likhale lakuti kumeneko amayendako ndani, ndipo tamufunsa kapena ayi. Zonse zimene Taonga anapempha, njira yosalala, yopanda anthu, ya zii, njovu nayonso imafuna zomwezo.

Nditafika kunyumba Lachiwiri lija, ndisanasambe n'komwe, ndinamuimbira.

"Amama, njira ija muifufute."

"Bwanji, Adadi? Anzanga aikonda kwambiri. Chithunzi cha wilo chija ndiye aseka nacho."

"Muli njovu."

Anaseka. "Ndiye bwino kwambiri. Ena mwa ife njovu sanaionepo."

Ndinakhala pansi pasitepe ya khonde, n'kumufotokozera zonse, kuyambira pachulu mpaka pabuluku, mpaka pamwini wa wilo limene anzake anaseka nalo. Pomaliza ndinasiya kumutchula amama. Ndinati, "Taonga, ine Feira sindimudziwa. Njira ija pamene ndinkakutumizira ndinali ndisanaipondepo. Ndinakunamiza, chifukwa ndinkafuna uzindinyadira."

Mkazi wanga anali ataima pakhomo, ndipo sananene kuti "ndinakuuzani". Ndimuthokoza chifukwa cha chimenecho.

Pamene Taonga analankhulanso, mawu ake anali atasintha. Anandiuza kuti mzere wanga uja suli pafoni yake yokha. Onse khumi ndi atatu ali nawo. Ndiponso anauika pa intaneti, pamalo pomwe okwera njinga amagawanapo njira, n'kuupatsa dzina lakuti Njira ya Adadi. Anthu ena osawadziwa autenga kale. "Ndiuchotsa lero lomwe," anatero, "koma amene anautenga ali nawo."

Madzi akatayika saoleka.

Tinagwirizana zotsalazo. Gulu lake lidzayenda njira ya kumanzere, yoipa ija, ya miyala ndi minga, kumbuyo kwa a Zuze ndi anzawo. Adzanyamuka dzuwa litakwera, adzabwerera mithunzi isanatalike, ndipo njinga iliyonse, ngakhale ikhale yodula bwanji, idzamangidwa chitini cha timiyala. Lachinayi ndinapitanso ku Katondwe kukawapeza a Zuze pomwe amagulitsira makala, ndipo anavomera. Anangoti, "Wopitirira ine ndimubweza wapansi."

Taonga analonjeza. Koma anawonjezera mawu amene akundisowetsa mtendere. Anati pali anyamata atatu m'gulumo amene samva za munthu, amathamangira kutsogolo kutsata foni, ndipo iye amawalondola kuti asamusiye. "Ndidzayesetsa, Adadi, koma tikayamba kutsika aliyense amangoona kutsogolo kwake."

Ndinamuuza kuti asade nkhawa, pamphambano padzakhala nthambi.

"Nthambi ija mukuti inali yotani?"

"Yaiwisi, yopingasa njira yonse."

Taonga anati, "Adadi, inenso ndikanaichotsa."

Ndinafunsa chifukwa chake.

"Munandiphunzitsa ndinu. Ku Katete, popita kutchalitchi. Munkati ukapeza munga kapena nthambi panjira usailumphe, chotsa, ukuchotsera wobwera m'mbuyo mwako."

Ndi zoona. Ndinamuphunzitsa, ndipo akachita ndinkamusisita m'mutu n'kumati ameneyu ndiye mwana wanga.

Choncho kumapeto kwa mwezi wa mawa, mukadzadutsa kuseri kwa Katondwe n'kupeza mdala wa magalasi atakhala pamwala pansi pa wilo lopindika, chikwanje pamiyendo, mudzamupatse moni, ndine. Ndidzakhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka njinga yomaliza itadutsa kumanzere. Malo amenewo ndikuwaopa. Koma nthambi siilankhula chinenero cha mwana wanga, ndiye pafunika pakhale munthu.

Awo khumi ndi atatu ndidzawawerenga mmodzimmodzi. Amene akundivuta ndi enawo, ana a eni ake amene anatenga mzere wanga pa intaneti. Sindiwadziwa maina, sindidziwa tsiku limene adzabwere, ndipo a Zuze akuti ndi dzuwa lino nthambi imauma m'masiku atatu. Mukakumana ndi munthu wa chisoti pa Katondwe, maso ali pafoni, chonde musangomukwezera dzanja. Muimitseni, phazi pansi, mumufunse kumene akupita.

Ndipo inu, njira imene munalozera mwana wanu ija, munaipondapo?